Kukamva nyimbo imene bambo ankaizimitsa

Lachinayi, 2 Meyi 2024, m'sitima yopita ku Köln

Ndikulemba ndi chala chimodzi pafoni, dzanja linali lakumbatira chikwama, chifukwa mwana wanga anandichenjeza kuti m'masiteshoni akuluakulu manja ndi ambiri. Ndinanyamuka ku Leicester pa basi ya pakati pa usiku, nditangoweruka naiti ziwiri zotsatizana kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito. Ku St Pancras ndinafika kunja kusanayere, mapazi atatupa. Sitima yodutsa pansi pa nyanja ndakhala ndikuiopa chigulireni tikiti. Mdima wa mphindi pafupifupi 20 uja ndautha ndikunena Salimo 121 chamumtima, ndipo titatulukira ku France, minda ya maluwa achikasu inali yatambalala mpaka kumene maso alekezera. Mtima unakhala pansi.

Inu amene mwakhala mukundifunsa kuti ulendowu ndi wa kuti, nkhani ndi iyi. Lachiwiri likudzali, pa 7 Meyi, zikwana zaka 200 chiimbireni koyamba Simfone ya 9 ya Ludwig van Beethoven mumzinda wa Vienna. Ndikufuna tsikulo lindipeze komweko. Tikiti ya konsati ndilibe. Mwana wanga wamkazi anasakasaka pa intaneti mpaka anagwa ulesi, n'kundiuza kuti, "Amayi, zonse zinatha kalekale. Mukavutikiranji mtunda wonsewo?" Ndinamuyankha kuti ngakhale kukaima panja pakhomo, ndikaima. Viza yokha yandidyera mayuro 80, osawerengera ulendo wa ku London kokadinda zala, ndiye zobwerera m'mbuyo panalibe.

Ine nyimbo za zida zambirizi sindinakule nazo. Ndine wa kwaya, wa alto, amene ndinaphunzira do re mi pa bolodi la choko ku Ntcheu. Koma pali chuni chimodzi cha m'simfone imeneyi chimene chandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba kwa zaka 50. Mukuchidziwa nonse, ngakhale inu amene dzina la Beethoven simunalimvepo: mi mi fa so, so fa mi re, do do re mi, mi re re. M'nyumba mwathu chuni chimenechi chinali choletsedwa. Chikangoyamba pa wayilesi, bambo ankadzuka pampando n'kukazimitsa. Chifukwa chake ndifotokoza ndikapuma, panopa maso akulemera.

Kamba wanga ndi mtedza wokazinga ndi tiyi wa m'fulasiki. Ku Brussels ndinafunsa mtengo wa sangweji, atanditchulira mayuro 7 ndinathokoza n'kubwerera pabenchi.

Lachisanu, 3 Meyi, Bonn

Ndagona pa kanyumba ka alendo chakuseri kwa siteshoni, mayuro 68 usiku umodzi, chakudya cham'mawa chomwe. Mayi woyang'anira ndi wa msinkhu wanga. Atamva kumene ndikupita anaika poto wa khofi pansi n'kukhala nane. Akuti mzinda wonse unakonzekera chaka chathunthu cha 2020 kuti akumbukire zaka 250 chibadwireni Beethoven, zipinda zake zinali zitasungitsidwa miyezi yambiri, kenaka mu Malichi Covid inatseka chilichonse. Ndinamuuza kuti chaka chomwecho ifeyo tinkatsanzika okalamba athu titavala zotseka pakamwa, abale awo akuyang'anira pawindo. Tinakhala chete kanthawi, iye n'kundiwonjezera buledi wina m'pepala kuti ndidye masana.

Nyumba imene Beethoven anabadwira ili pa Bonngasse 20. Chipinda chenichenicho chili m'mwamba, kuseri, denga lake lotsika moti mwamuna wamtali angawerame. Tsiku lake lobadwa silinalembedwe paliponse, chimene chilipo ndi tsiku la ubatizo, 17 Disembala 1770. Zinandikumbutsa amayi anga, amene zaka zawo ankaziwerenga kuchokera pa njala ya 1949.

Pamene ndinaima nthawi yaitali ndi pa malipenga a m'khutu. Ndi zitsulo zazitali ngati zikho za mowa, zimene anamupangira Johann Nepomuk Mälzel kuti azilowetsa m'khutu anthu akamalankhula. Ine kuntchito ndimasintha mabatire a timakina ta m'khutu ta agogo athu pafupifupi sabata iliyonse, ndipo nkhope ya munthu amene akuyesetsa kumva koma osamva ndimaidziwa. Amagwedeza mutu kuvomera zimene sanamve, pofuna kuti musamutope. Malipengawo atalephera, alendo ake ankamulembera zonena zawo m'timabuku, iye n'kumayankha ndi pakamwa.

China chimene sindinkachidziwa n'chakuti munthuyu anali mtchona. Anachoka muno mu Novembala 1792, asanakwanitse zaka 22, akuti akukaphunzira kwa Joseph Haydn ku Vienna, ndipo sanapondenso ku Bonn mpaka imfa. Amayi ake anali atamwalira mu 1787, bambo ake mowa utawagwira, ndipo anamwalira iye atangochoka. Ndakatulo ya chimwemwe ya Friedrich Schiller, yolembedwa mu 1785, anainyamula kuchokera konkuno. Pali kalata ya mu 1793 yonena kuti mnyamatayu akufuna kuiikira nyimbo. Ndiye kuti anayenda nayo zaka 30 asanaipezere chuni chokhazikika. Ife a kwaya tikachedwa milungu itatu ndi nyimbo imodzi, akwayamasitala amayamba kudandaula.

Masana ndadya soseji ndi tchipisi pa Münsterplatz, mayuro 7 ndi theka, nditakhala pafupi ndi chiboliboli chake. Kenaka ndinapita kukaona mtsinje wa Rhine. Ndi wotakata, madzi ake odekha ngati Shire pa Liwonde, kungoti m'malo mwa mvuu mukuyenda zombo zazitali za katundu.

Loweruka, 4 Meyi, kuchoka ku Bonn kupita ku Vienna

Lero ndalira pa siteshoni, ndisabise. Sitima yoyamba inayenda bwino m'mphepete mwa Rhine, kudutsa Koblenz, mapiri a mphesa uku ndi uku, mpaka inangoima pathengo mphindi 40. Zimene ankalengeza zinali m'Chijeremani chokhachokha. Pofika ku Frankfurt ya ku Vienna inali itapita. Ndinaima pakati pa chikhamu, aliyense akuthamanga, zikwangwani zikusinthasintha, foni yatsala pang'ono kuzima. Misozi inangoyamba yokha.

Anandipeza ndi mnyamata wina wa ku Syria, wovala yunifolomu ya okonza magetsi. Anayang'ana tikiti yanga n'kunena kuti, "Mayi, musadandaule, tikiti yomweyi ikugwira pa sitima yotsatira." Ananditengera chikwama mpaka ku ofesi, anandilankhulira, anandiperekeza pa pulatifomu, n'kundisonyeza pamene chitseko chidzaime. Nditatulutsa mayuro 5 anabweza dzanja langa, akuti amayi ake nawonso amayenda okha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, akulu sananame.

Sitima yachiwiri inadzera Nürnberg, Regensburg ndi Passau, kumene mitsinje itatu imakumana ndipo mwalowa mu Austria osazindikira. Moyang'anizana nane munakhala bambo wina wokalamba, mphunzitsi wopuma wa ku Linz. Nditamuuza za ulendo wanga anati, "Mayi, nonse mukuthamangira Beethoven, koma chaka chino n'chathunso." Wopeka nyimbo Anton Bruckner anabadwa pa 4 Seputembala 1824 m'mudzi wa Ansfelden, pafupi ndi Linz, miyezi inayi chabe chiimbireni Simfone ya 9. Anali mwana wa mphunzitsi wa kumudzi, woimba limba la m'tchalitchi, ndipo anaikidwa pansi pa limba lalikulu la ku St. Florian, monga anapempha yekha. Bamboyo anawonjezera kuti ku Czechia nako akukumbukira Bedřich Smetana, wobadwa mu Malichi chaka chomwecho cha 1824, amenenso anagontha atakula koma osasiya kulemba. Ku Leipzig mwezi wathawu akumbukira zaka 300 za nyimbo ya Bach ya masautso a Yesu monga mwa Yohane, imene inaimbidwa koyamba pa Lachisanu Loyera la 1724. Anawerenga zonsezi pa zala ngati munthu wotchula adzukulu ake. Potsika ku Linz anandisiyira apulo.

Ndafika ku Wien Hauptbahnhof usiku, maola oposa 11 chichokereni ku Bonn. Chipinda changa chili ku Favoriten, pafupi ndi Reumannplatz, dera la anthu obwera ngati ine. Kebabu ya mayuro 5, madzi a pampopi, kugona.

Lamulungu, 5 Meyi, Heiligenstadt

Lamulungu kuno magolosale amatseka. Palibe anandiuza, ndiye m'mawa ndadya mtedza ndi apulo wa aphunzitsi aja. Chabwino chake n'chakuti Lamulungu loyamba la mwezi nyumba zosungiramo zakale za mzindawu amalowetsa ulere, choncho ndinakwera sitima ya pansi ya U4 mpaka kumathero, kenaka basi, mpaka pa Probusgasse 6, nyumba yosungiramo zakale za Beethoven.

M'nthawi ya Beethoven kuno kunali kumudzi. Dokotala anamutumiza kuti akapumitse makutu kutali ndi phokoso la m'tauni. Anakhala miyezi ingapo osaona kusintha, ndipo pa 6 Okutobala 1802, ali ndi zaka 31, analembera abale ake awiri kalata imene sanaitumize. Inapezeka m'mapepala ake atamwalira. Akufotokozamo kuti anthu amamuyesa wamwano ndi wodana ndi anzake, pamene iye akungobisa ugonthi, pakuti woimba anganene bwanji kuti kwezani mawu sindikumva. Akusimba za tsiku limene mnzake anamva chitoliro patali, iye osamva kanthu. Akuvomera kuti anatsala pang'ono kudzipha, ndipo chinamugwira dzanja ndi nyimbo zimene anali asanazilembe. Simfone ya 9 inadza patapita zaka 22.

Ndakhala pabwalo lamkati la nyumbayo, pansi pa mtengo, ndipo ndi pano pamene ndikulemba za bambo.

Bambo anachoka ku Ntcheu mu 1958 pa malole a Ulere, kudzera ku Tete, kukafuna ntchito ku Salisbury (Harare wa lero), m'dziko la Rhodesia. Anakhala khukhi m'nyumba ya azungu ku Avondale zaka 22. Ankagona m'kachipinda kuseri kwa nyumbayo, ife tili ku Highfield, ndipo tinkawaona Lamulungu basi. Chitupa sichinkachoka m'thumba la malaya awo. Ine ndinabadwira komweko mu 1966. Dziko la Ian Smith litadzitcha lipabuliki mu 1970 linakhala lopanda nyimbo ya fuko, ndipo mu 1974 anasankha chuni cha Beethoven chimenechi n'kuchiveka mawu otamanda Rhodesia. Ndinali ndi zaka 8. Nkhondo inali itakula kumidzi, anyamata a mumsewu mwathu akuzimiririka usiku mmodzimmodzi. Tinali ndi wayilesi ya Supersonic pamwamba pa kabati. Chunicho chikangomveka, bambo, munthu wofatsa amene sanakwezepo mawu pa mwana, ankadzuka, thwa, n'kubwerera pampando osanena kanthu. Tsiku lina ndinabwera nacho kunyumba ndikuchiimba ndi mluzu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, nyimbo ya Smith m'nyumba muno ayi." Sanabwerezenso, ndipo inenso sindinabwereze.

Tinabwerera ku Malawi mu 1981. Bambo anatisiya mu 1996 akudziwa kuti nyimboyo ndi ya Smith. Nditafika ku England ndinaipeza m'buku la nyimbo za m'tchalitchi, ili ndi mawu otamanda Mulungu, ndipo mpingo ukaimirira kuimba ine milomo inkangouma. Amene anandimasulira ndi agogo ena aamuna a kuntchito kwathu, amene mayina a ana awo anawaiwala koma nyimbo ayi. Usiku wina ndinapeza akumvetsera, ndipo ndinawapempha kuti ndichepetseko. Anandigwira mkono nati, "Khala pansi. Wabwera kumathero, sunamve kumene yachokera." Anaibwezera poyambira, ndipo ndinakhala nawo ola lathunthu ndi mphindi zingapo. Ulendo uno unayambira m'chipinda chimenecho.

Lolemba, 6 Meyi, Vienna

Ndagula tikiti ya sabata yonse ya mabasi, matramu ndi sitima za pansi, mayuro 17.10. Ulendo umodzi unali 2.40, ndiye ndikakwera maulendo 8 yabweza ndalama yake.

Choyamba ndinapita ku holo ya nyimbo ya Musikverein, kumene mawa gulu la Wiener Philharmoniker liimbe simfoneyi motsogozedwa ndi Riccardo Muti. Mtsikana wa pawindo anali waulemu, koma yankho linali lomwe lija la mwana wanga. Ngakhale malo oimirira anatha. Ndinatuluka n'kukhala pa masitepe a tchalitchi cha Karlskirche, ndikuwerengera ndalama zimene ndawononga. Mantha anandigwira, kuti mwina ndabwera kudzangoona zitseko.

Kenaka ndinapita kukafuna pamene zinachitikira. Nyumba ya zisudzo ya Kärntnertor kulibenso, inagwetsedwa cha m'ma 1870, ndipo pamalopo pali Hotel Sacher, anthu ali pamzere kudikira keke ya chokoleti. Ndinaima tsidya la msewu ndikuyesa kuona usiku wa Lachisanu, 7 Meyi 1824. Beethoven anali ndi zaka 53, atagontha kwambiri. Gulu lonse pamodzi linayeserera kawiri kokha, nyimbo yovuta chonchija. Wotsogolera weniweni anali Michael Umlauf, mwini nyimbo ataima pambali pake kusonyeza liwiro, akutembenuza masamba. Oimba aakazi awiri anali ana ndithu, Henriette Sontag wa zaka 18 ndi Caroline Unger wa zaka 20. Nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti anthu ataphulika ndi m'manja iye anali chipenyere kwa oimba, mpaka Unger, wa alto ngati ine, anamugwira n'kumutembenuza kuti aone zipewa ndi mipango zikuuluka. Usiku womwewo anaimbanso zigawo zitatu za Misa yake yaikulu, koma pa chikalata anazitcha nyimbo zotamanda, poti mawu a Misa sankaloledwa m'nyumba ya zisudzo. Atachotsa zolipira, ndalama inatsala yochepa moti anakwiya n'kuyamba kukayikira anzake omwe. Amene anaitanitsa simfoneyi poyamba ndi a Philharmonic Society a ku London, pa mapaundi 50.

Ndinadzera pa Ungargasse 5, pamene anaimalizira. Pali chikwangwani pakhoma, magalimoto akungodutsa. Munthuyu anasamuka nyumba kambirimbiri m'Vienna muno, moti zikwangwani zake zili ponseponse.

Madzulo ndakwera tramu nambala 71 mpaka kumanda aakulu a Zentralfriedhof. Mayi wina pampando anandiuza kuti kuno akati munthu wakwera 71 ndiye kuti wamwalira, monga ife timati watsikira kulichete. Mandawa nawo akwanitsa zaka 150 chaka chino, anatsegulidwa mu 1874. Beethoven anamwalira pa 26 Malichi 1827 n'kuikidwa ku Währing, ndipo mafupa ake anawasamutsira kuno mu 1888. Pafupi pake pagona wopeka nyimbo mnzake, Franz Schubert, amene ananyamula nawo muuni pa maliro ake n'kumutsatira chaka chotsatira ali ndi zaka 31 zokha. Maluwa anali mbwee. Ine ndinalibe duwa, ndinangogwada pang'ono monga tichitira kumanda kwathu.

Mnyamata wa pa risepushoni wandilembera mawu awiri pa katoni ya bokosi la sopo: Suche Karte. Akuti ndiko kunena kuti ndikufuna tikiti, ndipo ndikaime nayo pakhomo msanga.

Lachiwiri, 7 Meyi, pakati pa usiku

Ndalowa. Abale anga, ndalowa.

Ndinafika pakhomo kudakali maola atatu, nditavala chitenje changa cha kwaya pamwamba pa diresi, katoni m'manja. Sindinali ndekha, tinalipo angapo, ena ochokera ku Japan, ena ana asukulu. Kuima ndi chikwangwani pamaso pa anthu ovala masuti si chinthu chapafupi kwa mayi wa zaka 58. Mwamuna wina anandiyandikira n'kunditchulira mtengo woposa lendi yanga ya sabata. Ndinapukusa mutu. Maola awiri anatha, miyendo ikunjenjemera.

Kenaka panabwera bambo wina wamtali, wa imvi, ndodo m'manja. Anayang'ana katoni, anayang'ana nsapato zanga zantchito, n'kufunsa kuti, "Mayi, mungathe kuimirira ola ndi theka?" Ndinati ntchito yanga ndi yoimirira maola 12. Anatulutsa matikiti awiri a malo oimirira. Ina inali ya mkazi wake, amene anagwa n'kuthyoka chiuno mwezi wathawu. Analandira ndalama yolembedwa pa tikitipo basi, chenji n'kundibwezera.

Tili pamzere anandifunsa chimene chandibweretsa, ndipo ndinamusimbira za Highfield ndi wayilesi ija. Za Rhodesia anali asanamvepo. Anakhala chete, kenaka anati, "Ifenso tili ndi manyazi athu ndi nyimbo imeneyi." Mu Epulo 1942 inaimbidwa ku Berlin pokondwerera tsiku lobadwa la Hitler, akuluakulu a chipani chake atakhala kutsogolo. Mu Disembala 1989 inaimbidwanso ku Berlin komweko khoma litagwa, Leonard Bernstein atasintha liwu lakuti chimwemwe kuti likhale ufulu. Bungwe la Council of Europe linaitenga kukhala nyimbo yake mu 1972, zaka ziwiri Smith asanaitenge. Aliyense anabwera ndi mbale yake kudzatapa.

Malo oimirira ali kumbuyo kwenikweni, pansi pa khonde lam'mwamba, pakati pa nsanamira. Bamboyo anandionetsa kumanga mpango pa chitsulo chotsamira kuti malo asalandidwe. Kutsogolo golide yekhayekha, nyali zolendewera, kwaya itandandalika kuseri kwa oimba zida. Muti ndi wa zaka 82, koma analowa msana uli chilili.

Chiyambi chake simungadziwe kuti ayamba. Mavayolini amanong'ona ngati akuyesa zingwe, kenaka zonse zimagwa pamodzi ngati chiphaliwali cha mvula yoyamba. Gawo loyambalo mulibe chimwemwe ngakhale pang'ono, ndi munthu wolimbana ndi chinthu chomuposa mphamvu. Gawo lachiwiri ndi liwiro, ng'oma ikulowerera pamene simukuyembekeza, ndipo phazi langa linkagunda lokha. Gawo lachitatu ndi lodekha, lalitali, ngati nyimbo zimene amayi a Mvano amaimba pa siwa kukayandikira kucha, anthu atatopa kulira. Nthawi yonseyi, mphindi zoposa 40, kwaya ili duu, osatsegula pakamwa. Monga wa kwaya ndinawamvera chisoni, chifukwa kudikira kotero kumaumitsa kukhosi.

Gawo lachinayi linayamba ndi chiphokoso choopsa. Kenaka machelo ndi mabesi akuluakulu aja anayamba kulankhula ngati mkulu pabwalo la milandu. Gulu limabweretsa kachidutswa ka gawo loyamba, iwo n'kukana. La gawo lachiwiri, n'kukana. La gawo lachitatu, lokoma lija, amachita ngati alilandira, n'kulikananso. Ndipo m'holo monse muli zii, chinabwera. Pansipansi, mabesi ndi machelo okha, mopanda lipenga kapena ng'oma, ngati munthu akung'ung'udza yekha kumunda. Mi mi fa so.

Thupi langa linauma. Ndinaona dzanja la bambo likupita pa kabati, mabala a mafuta otentha a m'khitchini ali pa zala. Ndinagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Palibe anazimitsa. Chunicho chinakwera, zida zina zikulowa pang'onopang'ono, mpaka holo yonse inadzaza. Chiphokoso chija chinabweranso, ndipo mwamuna wa besi anaimirira n'kuimba mawu amene Beethoven analemba yekha, asanafike a Schiller: abwenzi, mawu awa ayi, tiyeni tiimbe ena okoma ndi odzaza chimwemwe. Kwaya inayankha. Mawu a Chijeremani ndinali nditawaphunzira tanthauzo kunyumba, ndiye atafika ponena kuti anthu onse adzakhala pachibale ndinawamva bwinobwino.

Mkwiyo umene unandigwira pamenepo sindinauyembekeze. Anthu aja ankadziwa mawu amenewa. Anawachotsa dala, n'kusiya chuni chokha, n'kumachiimba pamaso pa munthu woyenda ndi chitupa m'thumba, wogona kuseri kwa nyumba imene ankaiphikira. Bambo sanalakwe kuzimitsa. Chimene chinkatuluka mu wayilesi ija chinali choyenera kuzimitsidwa. Chimene chikundipweteka n'chakuti anamwalira asanamve pafupifupi ola lonse la kulimbana limene limatsogolera chuni chimenechi, asanamve mabesi aja akukana, akukananso. Iwo amene ankaimba besi ku tchalitchi cha ku Highfield akanamva zimene mabesiwo ankanena.

Pali malo ena pamene kwaya imachepetsa liwiro n'kuimba za Atate wachikondi amene ayenera kukhala kuseri kwa nyenyezi, masoprano atakwera pamwamba penipeni, mawu akunjenjemera ngati nyali patali. Pamenepo ndinazindikira kuti milomo yanga yakhala ikuyenda. Mawu sindinatulutse, kuno sachita zimenezo. Koma mzere wa alto ndinali nawo.

Atamaliza, m'manja munalira nthawi yaitali. Bambo uja anandipatsa kampango kake kopukutira misozi, ndipo anakana kuti ndimubwezere. Panja anandigwira dzanja nati akathamangire kuchipatala akamuuze mkazi wake kuti tikiti yake yagwira ntchito. Dzina lake sindinafunse, nayenso sanafunse langa.

Pobwerera ndinaima pa kanyumba kogulitsa soseji, ndinagula ija ya tchizi m'kati yotchedwa Käsekrainer ndi buledi, mayuro 6. Ndinadya chiimire, mapazi akuyaka moto.

Lachitatu, 8 Meyi, pa bwalo la ndege

Kubwerera ndi pa ndege, thupi silingapirirenso masitima. Ndakwera sitima wamba ya S7 m'malo mwa sitima yachangu ya ku bwalo la ndege, mtengo wake ndi wochepa kwambiri ndipo kusiyana kwake ndi mphindi zochepa. M'chikwama muli kabuku ka pulogalamu ya dzulo, ka agogo aja. Lachisanu ndili pa naiti, ndikawapatsa.

M'mawa ndinaimbira achimwene anga aakulu ku Ntcheu pa WhatsApp. Iwo anali ndi zaka 15 mu 1974, ndipo anagonapo m'chitokosi usiku umodzi chifukwa choyenda opanda pepala. Ndinawafotokozera zonse, za mwini nyimbo wosamva, za mawu a pachibale, za mabesi. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenaka anati, "Chemwali, ndamva. Mwachita bwino kupita. Koma ine m'makutu mwanga ikadali ya Smith, ndipo sindikhulupirira kuti idzasintha."

Sindinatsutse. Tinakamba za chimanga, kuti chaka chino ng'amba yawononga ndipo nkhokwe sidzafika Okutobala, ndi za malata a tchalitchi. Tili pafupi kutsanzikana anafunsa kuti, "Mwati mtsikana anamutembenuza uja anali wa alto?" Ndinati inde. Anati, "Hmm," foni n'kuduka, netiweki ya kumudzi.

Atiitana pa geti. Mtedza watha, ndatsala ndi mayuro 11.